Lipoti likakana kutuluka: kabuku ka mabanja a mu Livingstone

Kabuku kano ndi ka aliyense amene anakhalapo ndi foni m'manja, maso ali dwii pa kachizindikiro kozungulira, kudikira pepala lomwe silikubwera. Mwina ndi sitetimenti ya NAPSA ya abambo amene atsala pang'ono kupuma pa ntchito. Mwina ndi zotsatira za mayeso a Grade 12 za mwana, risiti ya msonkho ya ZRA ya kanyumba kogona alendo ku Dambwa, kapena sitetimenti ya ku banki imene a ku koleji akuifuna pofika Lachisanu. Dzulo inatseguka, lero ikukana, mawa itseguka theka. Vuto lotere limasowetsa mtendere kuposa chinthu chowonongekeratu. Chowonongeka mumapita nacho kwa wokonza n'kuona pamene pathyoka, koma ichi mukangofika pamaso pa wokonza chimayamba kugwira bwinobwino, inu n'kuoneka ngati wabodza.

Chimene ndikufuna mutengepo ndi ichi: vuto lobwera n'kupita limakhala ndi nthawi yake komanso malo ake. Mukazipeza ziwirizi, simulipiranso kawiri, simuwononga data, ndiponso simukwera takisi kupita m'tauni pa nkhani yomwe mukanaithetsa muli pakhonde.

Kodi lipoti limachokera kuti?

Ambiri timaganiza kuti sitetimenti imakhala yolembedwa kale, ili mu kabati kwinakwake, ndipo ife timangoitola. Ayi. Imapangidwa pa nthawi imene mwadina batani. Pempho lanu limachoka mu foni kupita pa nsanja ya netiweki. Kuchoka pamenepo limayenda m'zingwe kudutsa Zimba, Kalomo, Choma, Monze ndi Mazabuka, ulendo wa makilomita pafupifupi 480, mpaka likafike pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, yomwe nthawi zambiri imakhala ku Lusaka, nthawi zina kunja kwa dziko. Sevayo imafunsa nkhokwe ya zolembedwa, imene odziwa amaitcha database, kuti: munthu wa nambala yakuti, kuyambira mwezi wakuti, analipira zingati? Nkhokwe ikayankha, seva imasanja manambalawo m'mizere n'kuwatumiza kwa inu. Pomaliza foni yanu iyenera kuwajambula pa sikirini kapena kuwasandutsa PDF.

Choncho malo amene zinthu zingakodwe ndi anayi: m'manja mwanu, panjira, ku nkhokwe, ndi pojambula. Ntchito yanu ndi kudziwa kuti lero zakodwa pati.

Kope la azakhali

Azakhali anga ali ndi zipinda zisanu zogona alendo kuseri kwa nyumba yawo. Mwezi ndi mwezi amafunika kutulutsa lipoti pa tsamba la ofesi ina, ndipo m'chaka cha 2024 tsambalo linawalizitsa. Tsiku lina madzulo ndinawapeza atakhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa mtengo wa mango, magalasi atatsetserekera pamphuno, chala chili pa batani lomwelo, kudina, kudikira, kudinanso.

"Mwana wanga, anthuwa andifufuta m'makina mwawo. Taona, pepala loyera lokhalokha."

"Sanakufufuteni, azakhali. Mwadina kangati?"

"Kuyambira masana. Ndasiya kuwerenga."

Ndinawapempha kope lakale la mdzukulu wawo, lija lotsala masamba kumapeto. Tinajambula mizere: tsiku, nthawi, ngati magetsi alipo kapena athima maola angati, netiweki yolembedwa pamwamba pa foni, ndi mawu enieni amene aoneka pa sikirini. Ndinawauza kuti aziyesa katatu kokha pa tsiku, m'mawa, masana ndi usiku, n'kumalemba, kaya zatheka kaya zakanika. Patatha masabata atatu, kopelo linayankhula lokha. Mavuto anali awiri, osati limodzi. Loyamba linkabwera magetsi akathima nthawi yaitali m'dera lonse. Lachiwiri linkabwera masana a masiku oyandikira tsiku lomaliza kulipira, ngakhale magetsi alipo. M'bandakucha, cha m'ma 5 koloko, lipoti linkatuluka pafupifupi nthawi zonse. Sitinagule foni ina monga ankaganizira. Anangosintha ola.

Kope ngati limeneli ndilo chida chachikulu m'kabuku kano. Zina zonse zili m'munsizi ndi zokuthandizani kuwerenga zimene kopelo likunena.

Yambani ndi zili m'manja mwanu

Musanaimbe mlandu ofesi iliyonse, tsegulani tsamba lina limene simunalitsegulepo lero, monga la nkhani. Musayesere pa WhatsApp kapena Facebook. Makampani a MTN, Airtel ndi Zamtel amagulitsa mabandulo osiyanasiyana, ndipo ena ndi a macheza okhaokha: mauthenga amalowa, zithunzi zimatseguka, koma tsamba la banki kapena la boma silingatseguke chifukwa data wamba inatha kalekale. Anthu ambiri amene ndawathandiza, vuto lawo linali lomweli. Onani zotsala pa bandulo lanu, ndipo onetsetsani kuti ndi la intaneti yonse.

Kenako yang'anani dzina la netiweki pamwamba pa sikirini. Apa pali nkhani ya ife a mu Livingstone imene wa ku Kabwe sangaidziwe. Tili m'malire. Mukapita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, pa mlatho, kapena m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa Zambezi, foni imatha kudumphira yokha pa netiweki ya ku Zimbabwe monga Econet kapena NetOne. Cha ku Kazungula imatha kukoka ya ku Botswana. Zikatero bandulo lanu la kuno siligwira, kapena data imangoduka n'kubwerera pamene foni ikulimbana kuti isankhe iti. Oyendetsa matakisi, operekeza alendo ndi ogulitsa ziboliboli kufupi ndi mathithi, izi muzidziwe. Lowani mu Settings, pa gawo la netiweki ya foni, zimitsani zoti foni izidzisankhira yokha, n'kusankha netiweki yanu ndi dzanja. Data roaming nayo ikhale yozimitsa.

Onaninso tsiku ndi nthawi ya pa foni kapena pa kompyuta. Masamba a ndalama amadzitsimikizira ndi chiphaso chokhala ndi masiku, ndipo ngati chipangizo chanu chikuganiza kuti tili m'chaka china, chimakana chiphasocho n'kulemba kuti "Your connection is not private". Zimachitika kawirikawiri pa makompyuta akale amene kabatire kake kakang'ono ka mkati kanatha: magetsi akathima, wotchi imabwerera m'mbuyo. Konzani nthawi, muyesenso. Ngati nthawi ili bwino koma chenjezolo likadalipo, musapitirire ndipo musalembe pasiwedi.

Zikaoneka kuti zonsezi zili bwino, ikani foni pa airplane mode kwa theka la miniti n'kuchotsanso. Zikakanikabe, bwerekani foni ya mnzanu wa netiweki ina. Ngati pa iyo zatseguka, vuto lili panjira yanu kapena pa foni yanu. Ngati zakana pa netiweki ziwiri zosiyana pamene masamba ena akutseguka, vuto lili ku seva, ndipo palibe chimene mungakonze pa foni yanu.

Za magetsi

Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a mu Kariba anatsika, ZESCO inayamba kugawa magetsi, ndipo pofika chakumapeto kwa chilimwe madera ambiri ankaona malaiti maola owerengeka okha pa tsiku. Ife tili ndi malo opangira magetsi pa mathithi pompano, a mamegawati 108, koma mphamvu yake imalowa m'mawaya a dziko lonse, siikhala ya tauni ino yokha.

Chimene ambiri sitiganizira n'chakuti nsanja ya netiweki nayo imadya magetsi. Akathima, imadalira mabatire, sola kapena jenereta. Maola oyamba zonse zimayenda. Mabatire akayamba kufooka, nsanja ina imazima, ndipo mafoni onse a ku Maramba kapena ku Libuyu amene ankaidalira amakakamira pa nsanja yotsala. Timizere ta netiweki tingaoneke todzaza, koma njira yadzaza anthu. Ndiye chifukwa chake m'kope muja mulembe kuti magetsi athima maola angati, osangoti athima. Mukaona 4G yasanduka 3G, H kapena E, dziwani kuti lipoti lalikulu silidutsa. Lisiyeni, mudzayese magetsi akabwera ndipo patapita kanthawi.

Amene muli ndi rauta pakhomo, musaiike pa windo pamene dzuwa la Okutobala limamenya. Ikatentha imadzizimitsa n'kudziyatsa yokha, ndipo inu mumangoona intaneti ikubwera n'kupita. Iikeni pamalo okwera, a mthunzi, opita mphepo. Kabatire kakang'ono kosungira rauta magetsi akathima kamathandiza kwambiri, koma onani kaye mavolti olembedwa pa chaja ya rautayo, ambiri ndi 12 ena ndi 9, kuti mugule kogwirizana.

Palinso zochitika kutali zimene zimatikhudza. Zambia ilibe nyanja, ndipo intaneti yopita kunja imadutsa m'mayiko oyandikana nawo kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri, EASSy ndi Seacom, zinaduka m'nyanja pakati pa South Africa ndi Mozambique, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Kenya. Tsiku lotere, masamba ena amatseguka ena ayi, malinga ndi kumene seva yake ili.

Manambala amene seva imalemba

Seva ikalephera, kawirikawiri imasiya nambala. Ilembeni. 504, kapena mawu oti "Gateway Timeout", ikutanthauza kuti pempho lanu linafika, koma nkhokwe inachedwa kuyankha mpaka mlonda wa pakhomo anatopa kudikira. Makina ambiri amadikira masekondi 30 kapena 60 basi. 502 ndi 503 zimasonyeza kuti seva yalemedwa, yagwa, kapena akuikonza. 500 ndi cholakwika cha mkati mwa pulogalamu yawo. 404 ndiye kuti adiresi ndi yolakwika kapena tsambalo linasamutsidwa. 401, 403 kapena "Session expired" zikutanthauza kuti mwakhalitsa osadina kanthu, kapena netiweki inaduka pakati, ndipo muyenera kutuluka n'kulowanso ndi pasiwedi.

Taganizirani za pa chigayo. Chigayo n'chimodzi, mzere ndi wautali. Wobwera ndi ndowa imodzi amagayitsa msanga, wobwera ndi matumba khumi amaimitsa mzere wonse. Nkhokwe ya zolembedwa nayo imalandira anthu owerengeka pa nthawi imodzi, otsalawo amaima panja. Mukadina batani kakhumi, mwaimika anthu khumi pa mzere m'dzina lanu, ndipo mwachedwetsa inu nomwe pamodzi ndi anzanu. Dinani kamodzi, dikirani miniti yathunthu. Zikakana, chepetsani thumba: m'malo mopempha sitetimenti ya zaka khumi, pemphani ya chaka chimodzi, kapena ya miyezi itatu. Ndaona malipoti okana tsiku lonse akutuluka nthawi yomweyo atangowafupikitsira masiku.

Mzerewu uli ndi masiku ake odziwika. PAYE ndi zopereka za NAPSA zimafunika pofika pa 10 mwezi uliwonse, msonkho wa turnover pa 14, VAT pa 18. Masiku amenewo ndi dzulo lake, aliyense wa bizinesi m'dziko muno ali pa khomo lomwelo. Tsiku limene bungwe la mayeso la ECZ latulutsa zotsatira, makolo onse amadina ola limodzi. Mu Epulo 2023, lamulo litalola mamembala a NAPSA kutapako 20 peresenti ya zimene anasunga asanapume, anthu anakhamukira pa intaneti ndi ku maofesi m'masabata omwewo. Langizo langa kwa a mabizinesi ang'onoang'ono ndi lakuti muzimaliza zanu sabata yoyamba ya mwezi, m'mawa kwambiri. Kudikira tsiku lomaliza n'kudziika pa chilango chifukwa cha makina amene si anu.

Tsamba latseguka koma lipoti silikuoneka

Apa ndi pamene anthu amachita mantha kwambiri, choncho ndikhalitsapo. Mwalowa bwino, dzina lanu lili pamwamba, mwadina kuti lipoti lituluke, ndiye kukubwera malo oyera, kapena mizere yopanda manambala, kapena palibiretu chochitika. Nthawi zambiri manambala anu afika ndithu, foni yangolephera kuwajambula.

Choyamba, mukugwiritsa ntchito browser iti? Opera Mini ndi yabwino posunga data chifukwa tsamba limayamba lapita ku makompyuta a kampaniyo, kumene amalipsinja lisanafike kwa inu. Koma kupsinjako kumapha timapulogalamu timene timajambula matebulo ndi ma chart. Pa nkhani za banki, msonkho ndi penshoni, gwiritsani ntchito Chrome kapena Firefox, ndipo ikhale yatsopano.

Chachiwiri, malipoti ambiri amatsegukira pa windo lachiwiri, ndipo browser imalitsekereza poganiza kuti ndi zotsatsa malonda. Yang'anani kauthenga kakang'ono konena za pop-up m'munsi kapena pamwamba, mudine kuti mwalola. Mu Chrome mungazipezenso mu Settings, pa Site settings.

Chachitatu, foni imasunga zidutswa za masamba amene munatsegulapo kuti isamazidawunilodenso. Eni tsamba akasintha pulogalamu yawo, zidutswa zakale zimasakanikirana ndi zatsopano, tsamba n'kutuluka lopindika. Zimachitikanso netiweki ikaduka pamene tsamba linali theka, foni n'kusunga theka lomwelo. Njira yoyesera yosavuta ndi kutsegula Incognito tab n'kulowa kuchokera pamenepo. Zikatheka, vuto ndi zosungidwazo. Pitani mu Settings, pa Privacy and security, mufufute cached images and files. Samalani kuti musafufutire limodzi mapasiwedi ngati simunawalembe penapake.

Ngati tebulo laduka mbali imodzi, pendeketsani foni igone chammbali, kapena sankhani Desktop site. Masamba ambiri a maofesi anawapangira kompyuta ya pa desiki. Ngati PDF ikuti yatsika koma siikutseguka, onani ngati foni ili ndi malo. Foni yodzaza ndi mavidiyo a pa gulu la mpingo kapena la banja imatsitsa fayilo yoduka. Onani kukula kwake mu Downloads: ikakhala 0 KB, ifufuteni, pezani malo, mutsitsenso. Pamene tsamba likupereka mwayi wa PDF kapena Excel, imodzi ikakana yesani inzake, chifukwa zimapangidwa ndi njira zosiyana.

Pali mtundu winanso: lipoti latuluka lokongola, mutu uli pomwepo, koma likuti "No records found". Apa mtima umagunda, munthu n'kuganiza kuti zaka zonse za thukuta zapita. Dekhani. Mawuwa akungonena kuti funso limene mwafunsa silinapeze yankho. Onani masiku: makina ena amayamba ndi mwezi kenako tsiku, choncho 03/10 kwa inu ndi 3 Okutobala koma kwa iwo ndi 10 Malichi. Sankhani tsiku pa kakalendala m'malo molemba ndi dzanja. Onani nambala ya NRC: ili ndi manambala asanu ndi imodzi, kamzere, awiri, kamzere, imodzi. Masamba ena amafuna timizereto, ena safuna. Nambala ya msonkho ya TPIN ili ndi manambala 10. Foni imakondanso kuwonjezera kampata kumapeto kwa zimene mwakopera, ndipo kampata kosaonekako n'kokwanira kuti nkhokwe isakudziweni. Dziwaninso kuti malipoti ena satenga manambala a lero. Amawasonkhanitsa usiku, choncho malipiro a masana ano angaonekere mawa.

Pokhapokha zonsezi zikakhala zolondola ndipo mwezi wina ukusowabe, ndi pamene nkhani yasanduka yofunsa abwana anu ngati anaperekadi, kapena yopita nayo ku ofesi.

Ndalama zikakodwa pakati

Mwalipira ndi mobile money, ndalama zachoka, tsamba lazima risiti isanatuluke. Musalipirenso. Ndikubwereza chifukwa ndaona mabanja akutaya ndalama za ndiwo za sabata yonse pa mphindi imeneyi: musalipirenso. Kulipira ndi kujambula risiti ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yoyamba imatha kutheka yachiwiri n'kulephera. Sungani SMS yokhala ndi nambala ya malipiro, muijambule, muilembenso m'kope. Dikirani, lowaninso, yang'anani pa mbiri ya malipiro. Mayunitsi a magetsi nawo chimodzimodzi: token ya manambala 20 ikachedwa, yambani mwafunsa token yomaliza kapena kuimbira kampani imene mwagulira, musanagule ena.

Pa nthawi ngati imeneyi ndi pamene akuba amalowerera. Wina akaimba kuti ndi wa ku ofesi ndipo akuthandizani mukamupatsa PIN kapena nambala yachinsinsi imene yabwera pa SMS, dulani foniyo. Wogwira ntchito weniweni safunsa zimenezo.

Lipoti likatuluka, ligwireni

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lipoti limene lili pa seva ndi la pachala. Tsiku limene latseguka, lisungeni ngati PDF, mulipatse dzina lomveka monga NAPSA-abambo-2025-06, mudzitumizire pa imelo, ndipo lofunika kwambiri mulisindikize n'kuliika mu envulopu ya pulasitiki pamodzi ndi makadi a ku chipatala ndi mapepala a nyumba. Sitetimenti ya penshoni ndi bwino kuitulutsa kamodzi pa chaka ngakhale palibe amene waifuna. Mwezi wosowa umapezeka mosavuta ukadali watsopano kusiyana ndi patapita zaka 15, kampani imene munkagwirako itatsekedwa kale.

Mukagwiritsa ntchito kompyuta ya pa internet cafe m'tauni kapena pa msika wa Maramba, lembani pasiwedi nokha, kanani kompyuta ikafunsa zoisunga, dinani Log out, ndipo fufutani fayilo yanu mu Downloads ndi mu Recycle Bin mwini malo akuona.

Mukapita ku ofesi

Ngati papita masiku atatu, mwayesa pa netiweki ziwiri, pa browser ziwiri, m'mawa ndi usiku, yakwana nthawi yokaonana nawo. Mawu oti "sizikugwira" sathandiza kalaliki, ndipo iye sangathe kuwapititsa kwa okonza makina. Nyamulani NRC, kope lanu, ndi zithunzi za sikirini zoonetsa nthawi. Nenani motere: "Pepani bambo, kuyambira Lolemba ndikapempha sitetimenti ya 2019 mpaka 2024 ikulemba 504 pakatha miniti imodzi. Ya chaka chimodzi ikutuluka, kupatula ya 2021. Ndayesa pa netiweki ziwiri." Wokonza makina akamva zimenezi amadziwa poyambira, chifukwa seva imalemba cholakwika chilichonse ndi nthawi yake, ndipo ola limene mwamupatsa limamufikitsa pa mzere weniweniwo.

Pemphani nambala ya dandaulo lanu muilembe pamodzi ndi tsiku. Ngati tsiku lomaliza kulipira layandikira, funsani njira ina yolipirira ndipo sungani umboni woti munayesa nthawi isanathe. Ngati vuto ndi la kampani ya netiweki ndipo mwadandaula koma osathandizidwa, bungwe la ZICTA ndilo limalandira madandaulo otere, ndipo kumeneko adzakufunsani nambala imene kampaniyo inakupatsani.